Amene Anali M'kati mwa Suti

"Ine madzi sindiwaopa," anatero Chancellor. "Nditangomva kuti phava! ndinadziwa kuti mwana wapita. Wina akanayamba waganiza za suti. Ine ayi. Ndinangodziponya."

Jailosi anamva mawuwo ali kukhitchini, akutsuka makapu. Linali Lamulungu masana, m'fulati ya a Mwenda ku Al Mankhool, kumene Amalawi ndi anzawo a ku Zambia ankasonkhana akatuluka m'tchalitchi kuti amwe tiyi ndi kudandaula za mabwana. Pabalaza foni inali kuyenda dzanja ndi dzanja. M'foniyo munali kanema amene anazungulira Dubai yense sabata imeneyo: munthu wovala suti yoyera ya opita kumwezi, chipewa chagalasi kumutu, akuvuuka m'madzi atanyamula mwana, kenaka n'kugwada, n'kumupereka kwa mayi womulera ndi manja awiri.

"Ine ndinanena tsiku lomwelo," anatero mayi wina. "Kagwadidwe aka ndi kakwathu. Mfilipino sagwada chonchi."

"Ndi ka ku Zomba," anayankha Chancellor. "Tinaleredwa."

A Mwenda, mkulu wa ku Chipata amene ankayendetsa basi ya alendo oona malo, analowa kukhitchini kudzatenga shuga. Anaima pafupi ndi Jailosi, natsitsa mawu.

"Ba Jailosi, uja mnzanu tikamaoloka mtsinje wa Creek pabwato amagwira mpando manja onse awiri, maso atatseka, akuitana Yesu. Manje lero wasanduka nsomba?"

Jailosi anangopitiriza kupukuta kapu imene inali itauma kale. M'thumba la malaya ake munali kalata yomuimitsa ntchito. Kalatayo inkati Lachinayi nthawi ya teni koloko akaonekere kwa manijala, chifukwa choononga katundu wa kampani polowa naye m'madzi popanda chilolezo. Ku Dubai ntchito ikatha ndi viza yomwe imatha. Jailosi anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ana anayi ku Dowa, ndipo kunalibe kwina kumene ankamudikira. Pansi pa lipoti limene linabala kalatayo panali siginecha yaikulu, yopindapinda ngati mchira wa nkhumba, ya Chancellor yemweyo.

Malo amene awiriwa ankagwira ntchito ali ndi dzina lachingerezi lalitali ngati pemphero la m'busa wachilendo, koma Amalawi amangoti Kuroketi. Chiyambire pamene dziko lino linatumiza chombo chake ku Mars, aliyense amene ali ndi kamalo m'mbali mwa nyanja anayamba kugulitsa mlengalenga. Kuroketi kuli roketi yaitali ngati nyumba ya nsanjika zisanu, yopangidwa ku Al Quoz ndi amisiri omwe aja amaumba mathanki a madzi. Ikakwana folo koloko imatulutsa utsi kunsi, alendo amawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa khumi, akafika pa ziro roketi imakhala ili pomwepo, iwo n'kuomba m'manja. Kuli bwalo la mchenga wofiira limene amati ndi Mars. Mchengawo anakautenga kuchipululu pa malole, kumene munthu angaupondeponde ulere mpaka atatopa, koma ukakhala m'mpanda anthu amafola pamzere. Kulinso dziwe la madzi a m'nyanja m'mene mumayandama chimphika chachitsulo, choti ndicho amatera nacho obwerera kuchokera kumwamba.

Ndipo kuli munthu wa mu suti. Ameneyu ndiye alendo amajambulitsa naye. Malamulo ake analembedwa papepala limene Jailosi anasainira zaka zitatu zapitazo: wa mu suti sayankhula, savula chipewa, sakhala pansi, sagwada, ndipo alibe dzina. Mu Julaye, pamene ngakhale mphaka safuna kuponda panja, iye amakhala m'menemo, kafani kakulira kumsana, mabotolo a madzi oundana ali m'khwapa, akukweza chala chachikulu kwa anthu ochokera kumaiko amene sadzawaona.

Lamulo la dzinalo anzake a mitundu ina ankalitenga ngati nthabwala za mu ofesi. Jailosi ayi. Kwawo mwana amakula akudziwa kuti chilombo cha gule chovala chigoba sichifunsidwa dzina, ngakhale utazindikira mapazi a amalume ako. Iye anali mkhristu wobatizidwa, wa kwaya yomwe, koma zimene unaona uli mwana sizisambika. Atamuuza kuti wa mu suti alibe dzina, anamva bwino lomwe, ndipo anatseka pakamwa. Zaka zitatu anthu a kwa a Mwenda ankadziwa kuti Jailosi amasesa Kuroketi, ndipo iye ankawalola.

Tsono Lachiwiri, tsiku la kanema uja, kamwana ka zaka zinayi kanadutsa pansi pa zitsulo za mpanda n'kugwera m'dziwe. Wolondera padziwepo panalibe, chifukwa Chancellor anali atamutuma kukanyamula makatoni a zipewa kupita nawo kushopu. Alendo anachita zimene alendo amachita: anakweza mafoni. Jailosi analumpha. Madzi anali ofika m'chifuwa, suti inamwa ngati siponji, kafani kanalira komaliza n'kufa, koma mwana anamugwira. Atatuluka anapeza mayi womulera, Ruth wa ku Balaka, ali chigwadire pa simenti. Kuti amupatse mwanayo anayenera kugwada nayenso. Ruth ankaganiza kuti m'chipewamo muli Mmwenye kapena Mfilipino, choncho analira mwaufulu m'chinenero chake: "Yesu wanga, foni yandiphetsa! Ndimangomvera uthenga wa Tawina, mwana wanga akudwala, mphindi imodzi yokha!" Jailosi anamva zonse. Anaimirira, nakweza chala chachikulu, madzi akuchucha m'miyendo, n'kupita kukavula.

Nthawi yonseyo Chancellor anali mu ofesi yozizira, akudya mpunga wa biriyani.

Chancellor ameneyu Jailosi ndiye anakamulandira pabwalo la ndege zaka zinayi zapitazo, atanyamula kachikwama kothyoka zipi. Miyezi iwiri ankagona mosinthana pabedi limodzi ku Al Quoz. Jailosi ndiye anamupezera ntchito yong'amba matikiti pageti. Koma mnyamatayo anali ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno, ndipo m'dziko lino chimenecho ndi digiri. Posakhalitsa anavala tayi, napatsidwa baji ndi wailesi ya m'manja, nayamba kumutcha Jailosi "my friend" pamaso pa anthu.

Tiyi atatha, Jailosi anamupeza Chancellor pamalo okwerera basi, akudziyang'ana pagalasi la shopu.

"A Chancellor, ndamva kuti munasambira."

"Aa, achimwene, musazitengere kumtima zimene zija. Ndi zocheza chabe."

"Kwa azimayi ngwazi ndi inu. Kwa manijala woononga suti ndi ine. Munthu mmodzi analowa m'madzi, koma mwamugawa pakati ngati papaya, inu mwatenga kokoma."

"Nanga ulemuwo inu mumaugwiritsa ntchito? Unangokhala. Inu simungautchule, lamulo silikulolani. Ndiye uwonongeke?"

Jailosi anamuyang'ana. Anafuna kuona ngati pankhopepo pali kamanyazi kobisala penapake, kaya kuseri kwa khutu. Panalibe.

"Ulemuwo tengani," anatero. "Sindidya ulemu. Koma lipoti lija mukalikonze. Mulembe kuti padziwe panalibe wolondera, n'chifukwa chake ndinalowa. Basi."

"Ndiye akandifunsa kuti wolondera anali kuti?"

"Muwauza kumene munamutuma."

"Achimwene, inu za management simuzidziwa. Zinthu izi zili ndi njira yake. Inshallah, Mulungu akalola, sakuchotsani, mwina angokuchenjezani."

"Inshallah wanuyo ndikamutumiza ku Dowa ana adya?"

Basi inabwera. Chancellor anakwera, nakhala pawindo, natulutsa foni. Jailosi anatsala pomwepo. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, koma akuluwo sananene chochita ngati njovuyo ndiwe.

Ali chiimire, Ruth anatuluka m'nyumbamo akuthamangira kubwerera kwa mabwana ake nthawi isanakwane. Maso ake anali ofiira chifukwa cholira mothokoza masana onse.

"A Jailosi, a Chancellor apita? Madamu anga akufuna akawathokoze okha. Akhala akundifunsa tsiku lililonse kuti munthu uja wapezeka. Kodi kuntchito kwanu angawapeze nthawi yanji?"

Jailosi anaganiza pang'ono. Lamulo linkati wa mu suti alibe dzina. Silinkanena chilichonse za maola.

"Lachinayi, teni koloko," anatero. "Ku ofesi ya manijala. Akakhalako ndithu."

Anapita kwawo akudziona ngati munthu wochenjera. Ankaganiza kuti bodza la kutchalitchi ndi bodza la ku ofesi zikakumana m'chipinda chimodzi, zidzalumana zokha, iye ali pambali manja ali m'thumba.

Lachinayi linafika. Manijala anali munthu wonenepa m'masaya, wonunkhira ngati shopu ya mafuta onunkhira, amene ankatcha aliyense habibi, kutanthauza wokondedwa, makamaka amene akumuchotsa ntchito. Suti inali itagonekedwa patebulo ngati maliro, ikununkha ngati usipa wonyowa. Chancellor anaima pambali pa bwana wake, wailesi m'chiuno, nkhope yachisoni ngati ya wachibale wa malemu.

"Habibi," anayamba manijala, "suti iyi inachokera kunja. Fani yafa. Magetsi afa. Bondo lang'ambika, chifukwa unagwada, pamene lamulo lachinayi likuti osagwada. Lipoti likuti unalowa m'madzi popanda kufunsa supavaiza wako."

"Bwana, mwana anali kumira."

"Tili ndi munthu wa ntchito imeneyo."

"Panalibe."

"Lipoti silikunena zimenezo." Manijala anatambasula manja, kusonyeza kuti iyenso ndi kapolo wa pepala. "Khalas, nkhani yatha. Lolemba ubwere udzatenge mapepala ako ndi tikiti."

Pomwepo chitseko chinagogodwa. Analowa madamu, mayi wamtali wa magalasi akuda, atagwira kamwana kaja padzanja. Kumbuyo kunali Ruth, atanyamula maluwa ndi bokosi la chokoleti. Madamu anati akufuna bambo Chancellor, amene anapulumutsa mwana wawo.

Jailosi anapinda manja, nadikira kuti mabodza alumane.

Manijala anayang'ana madamu. Anayang'ana wotchi ya madamu, ndi makiyi a galimoto amene anali m'dzanja lawo. Anayang'ana Chancellor ndi tayi yake, kenaka Jailosi ndi malaya ake ochapidwa mpaka kuyera m'khosi. Sizinamutengere nthawi yoposa kumeza malovu. Anatembenuza lipoti chafufumimba, namwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Ndi uyu, madamu! Bambo Chancellor, mmodzi wa anthu athu odalirika. Kuno timawaphunzitsa kuti moyo wa mlendo ndiwo woyamba."

Mabodza aja sanalumane. Anapatsana moni, nakhala pampando umodzi.

Chancellor analandira maluwa. Ananena kuti aliyense akanachita chimodzimodzi, ndipo anazinena bwino kwambiri moti ankaoneka kuti wayamba kukumbukira kuzizira kwa madziwo. Madamu anapukuta msozi pansi pa magalasi. Kenaka anati pakhale chithunzi: iwo, mwana, ngwazi, manijala, ndi suti patsogolo. Panafunika wojambula. Manijala anayang'ana uku ndi uku, naona munthu mmodzi yekha amene analibe chochita.

"Habibi, yalla, fulumira, tijambule."

Anamupatsa Jailosi foni.

Pali zinthu zimene munthu amapirira chifukwa analeredwa, ndipo pali zimene akazipirira ndiye kuti sanaleredwe, anangowetedwa. Jailosi anakweza foniyo. Pagalasi lake anaona Chancellor atanyamula mwana amene iye anamuvuula, ataima kuseri kwa suti imene munali thukuta lake la zaka zitatu, akukweza chala chachikulu. Ngakhale chalacho chinali chobedwa. Jailosi anajambula, chifukwa dzanja linali litazolowera kumvera. Kenaka anatsitsa foni, nayankhula m'Chichewa, mosakweza mawu, ngati akufunsa za mvula.

"Achemwali a Ruth, kodi Tawina akupeza bwanji tsopano?"

Ruth anauma. Dzina la mwana wake sanalitchulepo kwa a Mwenda, ndipo za matendawo sanauze munthu aliyense mu Dubai, kupatula chipewa chimodzi chagalasi. Anayang'ana Jailosi nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa Chancellor.

"A Chancellor, pamene munkandipatsa mwana paja, ine ndinati chiyani?"

Chancellor anakonza tayi. "Munati... munati thank you."

"Ndinati thank you."

"Kangapo."

 Jailosi anaona mantha akumukwera Ruth pankhope, chifukwa mayiyo anali atazindikira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti wathokoza munthu wolakwika, ndiponso kuti munthu woonayo akudziwa za foni, madamu ali pomwepo.

"Zina zija zinatsalira m'madzi," anatero Jailosi. "Sizituluka pakamwa panga, kaya munene kaya musanene. Koma mudziwe kuti ine Lolemba andipatsa tikiti, chifukwa chonyowetsa suti iyi."

"Akuti chiyani?" anafunsa madamu.

Ruth akanatha kunena kuti akupatsana moni wa kwawo. Nkhani ikanathera pomwepo, iye akanabwerera mwamtendere kukatsuka mbale. Anaika bokosi la chokoleti patebulo, pamwamba pa mwendo wa suti.

"Madamu, ndinalakwitsa munthu. Si a Chancellor. Ndi awa, a Jailosi."

"Wadziwa bwanji?"

"Tsiku lija ndinalira m'chinenero chathu, ndinatchula dzina la mwana wanga. Awa alitchula. Awa akuti ndinati thank you. Ndipo amene anamuvuula mwana wanuyu akuwachotsa ntchito."

Madamu anavula magalasi. Ndi anthu ochepa amene anaonapo manijala uja akutuluka thukuta mu ofesi yake yozizira, koma Jailosi ndi mmodzi wa iwo. Madamu anatambasula dzanja, natembenuza lipoti lija, naliwerenga mpaka pa siginecha. Kenaka anafunsa Chancellor funso limodzi lokha: ngati anali m'madzi, analemba bwanji kuti m'madzi munali wina?

Chancellor ananena mawu ambiri. Munali teamwork, munali kusamvetsetsana, munalinso mfundo yakuti supavaiza, mwanjira ina, amakhala m'kati mwa suti iliyonse imene akuiyang'anira. Maluwa anali akadali m'manja mwake, ndipo sankadziwa kowaika.

Manijala anatembenuka ngati chitseko cha hotela. Anagwira Jailosi paphewa, namutcha m'bale wake, nauza madamu kuti kampani imanyadira anthu odzichepetsa otere. Madamu anagwira Jailosi chanza nthawi yaitali. Mwana anamuyang'ana, nakana kukhulupirira, chifukwa munthu wa kumwezi sangakhale ndi imvi m'ndevu.

Koma alendo atangotuluka, kumwetulira kwa manijala kunatuluka nawo.

"Mvera, habibi. Lipoti ili linapita kale ku likulu, ndipo kumeneko sadziwa madamu, amadziwa pepala. Pepala limafafanizidwa ndi pepala linzake. Supavaiza yemweyu alembe lina, anene kumene kunali wolondera, asaine, lifike patebulo pano Lolemba eyiti koloko. Likapanda kufika, tikiti yako ilipo. Ndipo wayankhula za suti pamaso pa mlendo. Limenelo ndi lamulo lachisanu. Ndalikhululuka."

Jailosi anathokoza chifukwa chokhululukidwa.

Lachisanu Chancellor anali mu miting'i. Loweruka anadwala mutu, foni yakenso inadwala. Jailosi anamvetsa: lipoti loona likanamuvula Chancellor tayi, ndipo munthu ameneyo akanalola kuvula khungu kusiyana ndi tayi. Anangofunika kubisala mpaka Lolemba eyiti koloko, kenaka nkhani ikanakwera ndege yokha.

Koma Chancellor anaiwala kuti Ruth ali ndi foni, ndipo kuti azimayi olera ana m'nyumba za Dubai, ngakhale amatsekeredwa aliyense kwake sabata yonse, uthenga amaupatsana msanga kuposa wailesi ya boma. Lamulungu m'mawa a Mwenda anaimika basi yawo ya mipando makumi asanu pakhomo pa nyumba imene Chancellor ankagona, nayamba kuliza hutala. Analiza mpaka mlonda wa nyumbayo anakwera yekha kukamutsitsa.

"Mwandi, kwera," anatero a Mwenda. "Lero ulendo ni waulere. Tikuonetsa malo amodzi chabe."

Masana amenewo m'fulati munadzaza mpaka m'khonde. Anabwera ngakhale amene anasiya kupemphera chaka chatha. Chancellor anamukhazika pampando wa pulasitiki pakati pa balaza. Jailosi anakhala pakona, ndipo aka kanali koyamba kuti makapu atsuke wina.

"Ife tinakuombera m'manja," anayamba mayi uja anazindikira kagwadidwe. "Ine ndinakuthirira shuga masipuni atatu ndi dzanja langa."

"Ine ndinawauza a kwathu ku Mchinji kuti ndimapemphera ndi munthu wa m'kanema uja!"

"Kunama kokhako tikanaseka," anatero Ruth. "Amuna kunama ndi chibadwa. Koma kudya ulemu wa munthu uku ukumukumbira dzenje? Munthu amene anakugoneka pabedi pake?"

Chancellor anayesa kuyamba ndi Chingerezi. Anamuuza kuti Chingerezi achisiye pansi pamodzi ndi nsapato. Anayesa kunena kuti nkhani za kuntchito zimathera kuntchito. A Mwenda anamukumbutsa kuti anazibweretsa yekha pabalaza lomwelo, palibe anamutuma.

Anamupatsa pepala ndi cholembera, namuikira Baibulo la a Mwenda pamiyendo kuti atsamirepo. Analemba pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Atafika pa nkhani ya wolondera analemba kuti munthuyo sanalipo chifukwa cha zifukwa zina. Mayi wina, amene kwawo anali mphunzitsi asanabwere kudzasintha matewera a ana a eni, anawerenga ali kumbuyo kwake, nati zifukwa zinazo zili ndi dzina. Anayambiranso pepala lina. Pepala lachitatu ndilo linatuluka bwino: tsiku, nthawi, makatoni a zipewa, amene anatuma, amene analumpha. Siginecha inatuluka yaing'ono.

"Khalas," anatero Chancellor, akuimirira.

"Khalas ya chani?" anatero a Mwenda. "Ilo ni pepala la Aluya. Manje ya kwathu? Ku Chipata, ku Dowa, ngakhale ku Zomba kumene munaleredwa, wolakwira mnzake sapepesa chimanjamanja. Amagwira nkhuku."

"Madala, nkhuku ndiitenga kuti mu Dubai?"

"Pansi apa pali supamaketi."

Anatsika ndi mboni ziwiri, kuopa kuti angasochere. Anabwera ndi nkhuku ya mufiriji, yokutidwa m'pulasitiki, yopanda mutu ndi miyendo, itachita chisanu pamwamba. Apa panabuka mtsutso waukulu kuposa wa mlandu weniweniwo. Ena ankati nkhuku yopepesera imayenera kukhala yamoyo, ikupiza mapiko, kuti wolakwiridwa aone kuti chaperekedwa ndi chinthu. Ena ankati iyi ndi yaing'ono, ndi njiwa yonenepa. Mayi mphunzitsi uja anawerenga pachikutiro, nalengeza kuti inachokera ku Brazil, ndipo anafunsa ngati nkhuku yosadziwa Chichewa ingathetse mlandu. A Mwenda anagamula kuti tonse m'chipindamo tinabwera pandege kudzagwira ntchito imene sitinabadwire, choncho nkhukuyo isanyozedwe.

Anaiika m'mbale. Chancellor anakoka thalauza lake lositidwa, nagwada pamatailosi patsogolo pa Jailosi.

"Achimwene, ndinalakwa. Mu suti munali inu."

"Kuno sitinamve!" anakuwa wina kukhonde. "Eyakoni ikusokosa!"

A Mwenda anazimitsa eyakoni. M'chipindamo munangoti zii, kutentha n'kuyamba kulowa.

"Ndinanama," anatero Chancellor mokweza. "Mu suti munali a Jailosi. Ine ndinali mu ofesi."

"Mukutani mu ofesimo?"

"Ndikudya."

Jailosi sanafulumire. Anayamba watenga pepala, naliwerenga lonse kuyambira pa deti mpaka pa siginecha, milomo ikuyenda, munthu ali chigwadire ndi mbale m'manja. Analipinda kanayi, naliika m'thumba la malaya, namanga batani. Atatero ndipo analandira nkhukuyo.

Inali yolimba ngati mwala wa pamtsinje. Mwambo umati nkhuku ya mlandu idyedwe ndi onse amene anaumva, wolakwa ali pomwepo, ndipo a Mwenda anakana zoiika mu maikulowevu. Choncho anaiika m'beseni la madzi pakati pa balaza, anthu onse n'kukhala mozungulira, Chancellor pakati pawo, kudikira kuti isungunuke.